Kalongonda wa Vitalis

Mchimwene wanga Vitalis amagwira ntchito yoyang'ana pansi pa nyanja. Musandifunse kuti pansi pa nyanja pali chiyani choti mwana wa ku Mbulumbuzi akachiyang'ane, mwana amene anakula akulira pomusambitsa m'beseni. Koma ndiyo ntchito yake, ndipo ndiyo inatidyera chaka chatha chonse.

Mmene anandilongosolera mwiniwake ndi motere. Ku Ulaya akuzika mafani akuluakulu pakati pa nyanja yamchere, ndipo mphepo ikamawazunguza amapanga magetsi. Magetsiwo amapita kumtunda kudzera m'mawaya oyalidwa pansi pa madzi. Tsono asanayale waya, pamayamba padutsa sitima ikukoka makina oona pamene pali thanthwe, pamene pali matope, pamene pagona chisitima chakale chomira kapena bomba lotsala pankhondo. Munthu wokhala pa makinawo ndi Vitalis. Anaphunzira zoyeza malo ku Blantyre, anatsikira ku Cape Town, sitima n'kumutenga, basi ife tinamuonera pomwepo.

Ine ndine Phyllis, mchemwali wake wamkulu. Amayi anatibereka awiri okha. Ndimaphunzitsa Sitandade 4, ndipo ndine ndinatsala pakhomo ndi amayi, pamodzi ndi amuna anga a Mateyo amene anadzakhala chikamwini.

Amayi anayamba ndi zazing'ono. Mchere kuthira kawiri m'ndiwo, khasu kulisiya kumunda n'kumalifuna kunsi kwa bedi. Tinkaseka, nawonso ankaseka. Kenako anayamba kutaya anthu. Oyamba kutayika anali anzawo a kwaya, kenako adzukulu awo, ana anga. Tsiku lina madzulo anakuwa kuti m'khola mwalowa wakuba. Anthu anathamanga ndi zibonga, kufika n'kupeza ndi a Mateyo, munthu amene wakhala akutsekera mbuzi za amayi kuyambira akadali ndi tsitsi pamutu. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Kuchipatala dokotala sanandibisire. Anati, “Mayi, awa ndi matenda a kuiwala, ndipo mankhwala obwezera maganizo palibe. Ngati alipo wina amene mukufuna kuti amuone akumudziwa, muuzeni asachedwe.”

Ndinamuimbira Vitalis ndili pakhonde la chipatala pomwepo. Munali mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka pamalata moti ndinkachita kukuwa.

“Iwe Vitalis, amayi akutha. Thupi lili bwino, koma m'mutu mukutha. Bwera akuone akadakudziwa.”

“Achemwali, ndikubwera ndithu. Ingolekani mpikisano uthe.”

“Mpikisano wanji? Wayamba kumenya mpira kumeneko?”

Ndiye anandifotokozera. Kampani yoyala mawaya ilibe sitima yakeyake. Ikafuna kuyezetsa pansi pa nyanja imalengeza, eni masitima n'kupikisana: aliyense alembe mtengo wake, makina amene ali nawo, ndi mayina a anthu amene adzagwire ntchitoyo. Ofesi yogula ntchito imawerenga zonsezo n'kusankha mmodzi woti apatsidwe kontirakiti. Kampani ya Vitalis ndi yaing'ono, ya sitima imodzi yokha, ndipo pa malo a woyendetsa makina aja analembapo iyeyo, poti ndi yekhayo anali ndi satifiketi yofunikayo. Lamulo la mpikisano linali lakuti munthu wolembedwayo asatalikire. Akhale pafupi kuti ofesi ikamufuna kudzayankha mafunso apezeke, ndipo akwere sitima wopambana akangodziwika.

“Ndiye akumangirira pamtengo ngati mbuzi ya chinkhoswe?” ndinamufunsa.

“Bwana wanga anapempha kuti aikepo wina m'malo mwanga. Ofesi yayankha kuti dzina silisinthidwa mpikisano uli m'kati. Koma pofika Epulo akhala atasankha. Tikaluza, ndikwera ndege sabata yomweyo.”

“Nanga mukapambana?”

Anati, “Nyanja ya kuno imalola ntchito miyezi yotentha yokha, achemwali. Tikapambana, tilowa m'madzi mpaka Okutobala.”

Nditafika kunyumba ndinamuimbiranso kuti ayankhule ndi amayi. Za vidiyo sankazifuna. Akaona nkhope yake pafoni ankakwiya kuti ndani wamuchepetsa mwana wawo n'kumutsekera m'kagalasi. Koma mawu ake ankawadziwa. Ndinawaika foni pakhutu, iye n'kunena kuti, “Amayi, ndikubwera posachedwa.” Nkhope ya amayi inawala. Mwa zonse zimene zinkalowa m'mutu mwawo masiku amenewo n'kutulukira kwina, mawu amenewa okha ndi amene anakhala.

M'mawa mwake ndinawapeza atakoleza moto kuseri kwa khitchini, atatula mphika waukulu, akusankha kalongonda m'lichero. Ife Alomwe timakula ndi kalongonda, koma Vitalis yekha anapitirira muyeso. Ali wamng'ono ankakhala pafupi ndi mphika tsiku lonse ngati galu wa kubutchala. Ndipo kalongonda si nyemba zoti ungotereka n'kupita kumunda. Umawiritsa, kutaya madzi akuda aja, kusenda makoko, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, kutayanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ukachita changu, wakudyayo mutu umazungulira ngati waledzera. Amayi amene sankadziwanso dzina la mkamwini wawo anachita zonsezi osaphonya, manja akuyenda okha. Atapsa anavundikira, n'kukhala pakhonde maso kunjira.

“Amayi, si lero ayi,” ndinawauza.

“Wanena yekha kuti akubwera.”

Tinadya kalongondayo ife mawa lake, iwo ataiwala kuti anaphika. Patapita masiku ochepa anatulanso mphika.

Epulo anafika, chimanga chinauma, tinakolola. Ofesi inati yalandira mafunso ambiri kuchokera kwa opikisana, choncho yasuntha tsiku. A Mateyo, pofuna kundikhazika mtima pansi, anati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi a ana.” Ndinawayankha kuti nkhonoyo akaipeza aifunse ngati ikudziwa dzina lawo. Sanabwerezenso.

Ine ndinalibe pogwira. Anthu amene ankasunga moyo wa amayi m'manja mwawo sindinkawadziwa nkhope, ndipo iwo sankadziwa n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Mbulumbuzi. Chimene ndinatsala nacho ndi pemphero. Pa mphakati wathu wa tchalitchi, itafika nthawi ya mapemphero a aliyense, ndinakweza mawu: “Tipempherere kampani ya mchimwene wanga Vitalis, kuti iluze mpikisano.”

Anthu anatsegula maso. A Bonifasio, amene amatitsogolera, anakhosomola. “Aphunzitsi, kapena lilime laterereka? Mukutanthauza kuti ipambane?”

“Silinaterereke. Iluze, a Bonifasio. Iluze ndithu, abwere adzaone amayi ake.”

Anayang'ana amayi, amene anakhala pamkeka akumwetulira aliyense ngati ali paukwati wa eni ake. Kenako anaweramitsa mutu, gulu lonse n'kuyankha kuti, “Mutimvere, Ambuye.”

Ndipo Ambuye anamva! Chakumapeto kwa Meyi foni inalira ndili m'kalasi. Vitalis anati, “Achemwali, taluza.” Abale, ndinaimba nthungululu pakati pa masamu, ana n'kumaombera m'manja osadziwa chimene akuombera. Loweruka ndinazira nyumba yonse, a Mateyo anakonza chitseko cha chipinda chake, amayi anatula mphika. Ulendo uno ndinawathandiza kusenda makoko ndikuimba.

Kalongonda ameneyo tinadyanso ife. Vitalis anaimba Lolemba, mawu ali pansi.

“Achemwali, musakwiye.”

Munthu akayamba choncho, ine ndimakwiyiratu.

Kumeneko wopambana akalengezedwa, sasainirana kontirakiti nthawi yomweyo. Amasiya kaye masiku oti oluza adandaule ngati aona kuti sizinayende bwino. Ndiye bwana wake wa Vitalis, bwana wake weniweniyo, anakadandaula kuti sitima ya opambanawo ilibe makina ena amene chilengezo chinafuna. Ofesi inavomera kuwerenganso mapepala onse kuyambira pachiyambi. Mayina onse anamangidwanso pomwe paja.

“Tasiya ntchitoyo!” ndinakuwa. “Siya, ubwere! Pansi pa nyanja pathawa?”

“Ndikachoka ine, kampani yathu aichotsa mu mpikisano. Anthu onse a m'sitima ntchito yawathera, ndipo ena ali ndi ana ang'onoang'ono. Komanso chilolezo changa chokhalira kuno chinamangidwa pa ntchito yomweyi.”

“Iwowo ali ndi amayi awo, iwe uli ndi ako. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Vitalis.”

“Mukuganiza kuti ine ndikugona tulo?” anatero, ndipo ndinamva kuti akulira. Ndinadula foni.

Kwathu kuno chinthu chikakanirira muofesi, munthu umasamba, kuvala chitenje chabwino, kupita kukakhala pabenchi mpaka bwana akuone. Umafotokoza vuto lako ngati munthu kwa munthu mnzake. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina ayi, koma wakumva. Ine benchi la ofesi imeneyo sindikanalifika. Koma Vitalis anali atanditumizira chithunzi cha chilengezo chija pofuna kundionetsa kuti sakunama, ndipo pansi pake panali dzina la mayi wina woyang'anira mpikisanowo ndi keyala yake ya imelo. Chingerezi ndimaphunzitsa, chovuta n'chiyani? Nthawi yopuma ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kusukulu n'kumulembera. Sindinapemphe kuti akondere aliyense. Ndinangoti mayi wanga akuiwala ana ake, chonde fulumirani, kapena masulani dzina limodzi lokha kwa milungu iwiri. Ndinaikaponso chithunzi cha amayi ali pafupi ndi mphika wawo.

Yankho linabwera tsiku lomwelo, lalifupi ndi laulemu. Mayiyo anati wamva chisoni kwambiri, koma malamulo samulola kukambirana ndi munthu aliyense wokhudzana ndi opikisana, ndipo akuyenera kudziwitsa akuluakulu ake kuti walandira uthenga wotere. Basi.

Posakhalitsa Vitalis anaimba. “Achemwali, mwachita chiyani? Bwana wandiitana! Kunotu zimenezo amaziona ngati kunyengerera oweruza. Akanatha kutichotsa mu mpikisano!”

“Ndiye akuchotsani?”

“Ayi. Aona kuti kampani sinakutumeni. Angotichenjeza.”

“Kalanga ine! Ngakhale kukuchotsani komweko akulephera?”

Sanaseke, ndipo tinatha milungu ingapo osayankhulana.

Ine ndinatayika mu Julaye, nthawi ya chisanu. Ndinkawasambitsa amayi m'mawa ndisanapite kusukulu, madzi ofunda, kuwapaka mafuta kumapazi. Tsiku limenelo nditamaliza anandigwira dzanja mwaulemu n'kunena kuti, “Zikomo, mayi. Mumandisamala bwino. Kwanu n'kuti?”

“Amayi, ndine Phyllis. Mwana wanu woyamba.”

Anandiyang'ana ndi chisoni, ngati munthu amene akuona wamisala koma safuna kumukhumudwitsa. “Ine mwana wanga ndi Vitalis. Akubwera.”

Ndinene zoona, ndinachita nsanje. Ine wochapa zofunda zawo, ine wowatsata akasochera njira ya kuchigayo, ndine ndafufutika, watsala wa pansi pa nyanja. Ndinakalirira kubafa, ndinasukusula, ndinapita kukaphunzitsa. Koma pobwerera ndinaganiza kuti bola watsala mmodzi. Ngati amayi afe akudziwa mwana wawo mmodzi yekha, akhale ameneyo, bola afike msanga.

Sabata yomweyo ofesi inamaliza kuwerenganso. Kampani ya Vitalis inapambana. Ananditumizira uthenga wolemba, poti kuimba anaopa: “Tapambana. Tikunyamuka mawa. Pepani.” A Bonifasio atamva, ataiwala pemphero lija, anabwera kunyumba kudzatiyamikira, koma atafika pakhomo n'kuona nkhope yanga anangovula chipewa ngati afika pamaliro.

Kuyambira pamenepo kunalibenso ofesi yoidikira, kunatsala nyanja. Netiweki inkapezeka mwa apo ndi apo. Nthawi zina ankatumiza chithunzi cha zimene makina ake akuona, mizeremizere yotuwa ngati bulangete lakale. Ankati apa ndi mchenga, apa ndi mwala, waya adzadutsa apa. Ine ndinkayang'ana osaona kanthu. Mafunde akakula ankaimitsa ntchito n'kumangoyandama, ndipo tsiku lililonse loyandama linkawonjezedwa kumapeto. Okutobala uja anayamba kutalika.

Kuno nandolo anauma, tinathyola, tinamenya. Amayi anapitiriza kutula mphika, koma tsopano manja nawonso anayamba kuiwala. Tsiku lina ndili kusukulu anataya madzi kamodzi kokha n'kuphula. A Mateyo pobwera kumunda ndi njala anatapako mbale yonse. Ndinawapeza atakhala pansi atakumbatira nsanamira ya khonde, akuti nyumba ikuzungulira. Ndinawamwetsa madzi ambiri, ndipo pofika madzulo anali bwino. Thumba la kalongonda ndinakalibisa kwa a Bonifasio.

Amayi analifuna tsiku lonse. Anagwetsa madengu, anasuzumira m'khola, kenako anakhala pakati pa bwalo n'kuyamba kulira ngati mwana. “Adzadya chiyani? Mwana wanga adzadya chiyani akafika?” Ndinapita ndekha kukalitenga thumbalo. Kuyambira tsiku limenelo tinkaphika awiri Loweruka lililonse, iwo akusenda, ine ndikuyang'anira madzi. Ankandiyamikira kuti ndine wantchito wabwino.

Chapakati pa Okutobala sitima inayandikira kumtunda, foni n'kulowa. Ndinathamanga kukawaika pakhutu. Ndinkamva mawu a Vitalis akutuluka pang'onopang'ono: “Amayi, ndine. Tatsala pang'ono.” Amayi anamvetsera, mutu uli chopendekera. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti, “Wailesi yanu ikuyankhula yokha.”

Vitalis anafunsa kuti anena chiyani. Ndinati netiweki yadula. Mumtima ndinkati mawu ataya, koma dzina akadali nalo, ndipo nkhope ya mwana wako ukaiona maso ndi maso siingakusokonekere. Ndinkadziuza zimenezi poyenda, pophika, polemba pabolodi.

Anafika mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, anthu ali kalikiliki kubzala. Linali Loweruka, ndipo mphika tinali titaphula kale. Ndinaona kabaza ikukhota pa mtengo wa mango, kumbuyo kwake kuli mwamuna wonenepa, wa ndevu zoyamba kuyera, atanyamula chikwama pamiyendo. Zonse zimene ndinakonza kuti ndidzamulalatire zinathawa. Ndinangomugwira malaya n'kumalira.

Amayi anali pakhonde pamalo pawo. Ataona mlendo anadzuka, anakutumula mkeka, anamuyalira. Vitalis anagwada pamaso pawo n'kuwagwira manja onse awiri.

“Amayi.”

“Mwayenda bwanji, bambo?” anatero amayi, akuomba m'manja mwaulemu.

“Amayi, ndine Vitalis. Ndabwera.”

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana ndevu, anayang'ana nsapato, anabwereranso kumaso. A Mateyo anaima pakona ya nyumba, khasu lili paphewa, osasuntha.

“Vitalis,” amayi anatero pang'onopang'ono, akumwetulira. “Inenso ndili naye mwana dzina lomwelo.”

Vitalis anaweramitsa mutu. Ine sindinafune kugonja. Ndinaganiza kuti mwina akamuona akudya, mmene amatapira ndi zala zitatu n'kumatseka maso, china chake chidzuka. Ndinathamangira kukhitchini, ndinapakula kalongonda mbale yodzaza, ndinathira mchere, n'kumuikira patsogolo. Anasamba m'manja. Atangotambasula dzanja, amayi analanda mbale ija ndi changu chimene sindinachione kwa miyezi.

“Inu mayi, mwatani kodi?” anandikalipira. “Ameneyu ndi wa mwana wanga! Alendo apatseni chinangwa.”

“Amayi, mwana wanuyo ndi ameneyu! Tamuyang'anani!”

“Achemwali, asiyeni,” Vitalis anatero chapansipansi. “Bweretsani chinangwacho.”

Ndinabweretsa. Anakhala pamkeka n'kumadya chinangwa chozizira cha m'mawa, misozi ikutsikira m'ndevu. Amayi anabwezera kalongonda mumphika, anavundikira bwinobwino, anaika mwala pamwamba pa chivundikiro kuopa nkhuku. Atatero mtima wawo unakhala pansi, ndipo anabwera kudzakhala pafupi ndi mlendo wawo kuti asadye yekha.

“Mwachokera kutali, bambo?”

“Kutali, amayi. Kunyanja.”

“Kunyanja!” Maso awo anawala. Anasendera pafupi n'kumugwira bondo. “Ndiye simunamuone mwana wanga kumeneko? Wamng'ono thupi, wamanyazi. Amaopa madzi.”

Vitalis anameza chinangwa chija movutikira.

“Ndinamuona, amayi.”

“Ali bwino?”

“Ali bwino. Akuti akubwera.”

“Eya, anandiuza,” amayi anatero. Anakonza chitenje chawo, anasuzumira ngati mwala ukadali pamphika, n'kutembenukira kunjira.